MANKHWALA A MWANA WA SUKULU NDI NSABWE ZA M'MUTU: MAU KWA MAKOLO

Mwezi uno tifuna kukamba ndi inu makolo za zinthu ziwiri zimene zisautsa ana ndi aphunzitsi m'sukulu zathu za kumidzi. Choyamba ndicho kamwedwe ka mankhwala pamene mwana ali pa sukulu. Chachiwiri ndicho nsabwe za m'mutu. Kapena ena adzati, "Kodi nsabwe ndi nkhani yoti nkulemba m'nyuzi ya Boma?" Inde, ndi nkhani ndithu, pakuti ngakhale nsabwe ya m'mutu siipha munthu, njira zina zimene anthu atsata pofuna kuipha zikhoza kupha mwana. Chimodzimodzinso mankhwala. Mbulu womwewo umene uchiritsa mwana wina ukhoza kugoneka mnzake m'chipatala.

Monga mudziwa, chiyambire chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana anachuluka kwambiri m'makalasi. Mphunzitsi mmodzi ayang'anira ana ambirimbiri, ndipo sangathe kudziwa matenda a mwana ali yense ngati makolo samuuza. Ndiponso ana akhala mothithikana, mutu kugundana ndi mutu, kotero kuti chimene chiri m'tsitsi la mmodzi sichichedwa kufika kwa mnzake. Tsono tamverani bwino zimene a za umoyo alangiza.

MPHUNZITSI SALI DOTOLO

Nchito ya mphunzitsi ndiyo kuphunzitsa. Nzoona kuti m'sukulu zambiri muli mphunzitsi amene anasankhidwa kuyang'anira za umoyo ndi kadyedwe ka ana, koma ngakhale iyeyo sali dotolo, ndipo sayenera kulota yekha matenda a mwana ndi kumpatsa mankhwala a m'thumba mwake. Mwana akadzuka ndi thupi lotentha, kapena alikusanza, kapena alikutsegula m'mimba, kwao kwa mwana ameneyo tsiku limenelo si kusukulu iai, koma kuchipatala. Makolo ena apatsa mwana mibulu iwiri ya Panado nati, "Pita, ukamwe ukafika." Panado aziziritsa thupi kwa maola ochepa chabe, koma sapha kachirombo ka malungo. Chotero mwana aoneka ngati wachira pamene matenda alikukula m'kati.

Chinthu choyamba choti mukumbukire ndi ichi: mankhwala ambiri safunika kupita kusukulu konse. Pamene mulandira mankhwala pa zenera la kuchipatala, funsani wopereka mankhwalayo kuti, "Mwanayu ndi wa sukulu, kodi azimwa nthawi yanji?" Mankhwala omwa kamodzi pa tsiku, kapena kawiri pa tsiku, mwana angamwere kunyumba, m'mawa ndi madzulo, pamaso panu. Ngakhale omwa katatu pa tsiku, monga amoxicillin, kawiri kawiri atheka kunyumba komwe: m'mamawa asananyamuke, masana akangoweruka, ndi usiku pogona. Mwa njira imeneyi inu eni ake muona kuti mwana wamezadi, ndipo palibe mbulu wotayika panjira.

MANKHWALA AKAYENERA KUPITA KUSUKULU

Koma zichitika nthawi zina kuti dotolo alamula kuti mwana amwe mankhwala pa ola limene ali m'kalasi. Zikatero, tsatani malamulo awa:

1. Pitani nokha kwa mphunzitsi wamkulu, mutatenga buku la kuchipatala la mwanayo. Musatume mwana ndi uthenga wa pakamwa, pakuti uthenga wa pakamwa usanduka panjira. "Theka la mbulu" lifika kusukulu liri "mibulu iwiri".

2. Mankhwala akhale m'kathumba kapena m'botolo mmene munalandirira, polembedwa dzina la mwana, dzina la mankhwala, muyeso wake ndi nthawi yake. Musamange mibulu pa ngodya ya mpango kapena kuika m'bokosi la machesi. Mibulu yoyera ifanana, ndipo ikachoka m'kathumba kake palibe angadziwe kuti ndi ya chiyani.

3. Perekani mankhwalawo m'manja mwa mphunzitsi, kuti awatsekere pamalo pamene ana safika. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 sayenera kuyenda ndi mankhwala m'thumba, chifukwa ena ali otsekemera kunja ndipo anzake ayesa masiwiti.

4. Ngati ali mankhwala a madzi, perekani pamodzi ndi kachikho kapena supuni yoyezera imene inabwera nao. Supuni ya mankhwala ilowa mamililita 5, koma masupuni a kunyumba asiyanasiyana kukula.

5. Onani tsiku lothera mphamvu limene lilembedwa pa pepala kapena pa botolo. Mankhwala amene tsiku lao linapita, kapena amene anyowa, asintha mtundu, kapena afumbutuka, abwezeni kuchipatala.

6. Mlangizeni mwana kuti asagawire mnzake mankhwala ake, ndiponso asalandire a mnzake, ngakhale matenda ao aoneke ofanana. Muyeso wa mankhwala a ana utsata kulemera kwa thupi, ndipo alipo ana ena amene atupa kapena kubanika akamwa mankhwala ena, monga Bactrim kapena penicillin. Ngati mwana wanu ali wotero, uzani mphunzitsi ndipo zilembedwe m'buku.

7. Siyani kusukulu nambala ya foni yanu, kapena ya mnansi, kapena dzina la mbale amene akhala pafupi ndi sukulu, kuti mupezeke msanga zinthu zikavuta.

ZA MALUNGO NDI MANKHWALA OGULA M'GOLOSALE

Akuluakulu akumbukira masiku a chloroquine. Mankhwala amenewo analeka kugwira nchito bwino chifukwa kachirombo ka malungo kanawazolowera, ndipo mu 1993 Malawi anasintha nayamba Fansidar. Pambuyo pake Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 Boma linabweretsa LA. Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti mankhwala atha kutha mphamvu m'dziko lonse, ndipo kumwa mankhwala mwa chisawawa kapena kulekezera panjira ndi china cha zinthu zimene zifulumizitsa tsoka limeneli.

LA amwedwa masiku 3, kawiri pa tsiku, ndiko kuti maulendo 6. Ulendo wachiwiri ubwera atapita maola 8 kuchokera pa ulendo woyamba, ndipo masiku awiri otsatira mwana amwa m'mawa ndi madzulo. Mwana wolemera makilogalamu 15 kufikira 24 amwa mibulu 2 pa ulendo, wa makilogalamu 25 kufikira 34 amwa mibulu 3, ndipo wa makilogalamu 35 kapena kuposa amwa mibulu 4. Nchifukwa chake a chipatala ayamba aika mwana pa sikelo. Mankhwalawa alowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala lotsira nsinjiro kapena mkaka. Kawiri kawiri mwana apeza bwino tsiku lachiwiri, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri alakwa, nasunga mibulu yotsalayo kuti idzathandize mng'ono wake. Musatero. Mwana amalize yonse. Ndiponso si kutentha thupi kuli konse kumene kuli malungo. Lolani a chipatala ayambe ayeza magazi a pa chala.

Mwana akayamba kukomoka, kusanza chiri chonse, kulephera kumwa, kupuma movutika, kapena kugona kosadzutsika, musadikire kuti kuche. Mnyamuleni nthawi yomweyo.

Kunena za mankhwala a m'golosale, Panado asapitirire maulendo 4 pa tsiku limodzi, ndipo pakati pa ulendo ndi ulendo papite maola osachepera 4. Akachuluka aononga chiwindi. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali ndi Panado yemweyo m'kati mwao, kotero kuti mwana akamwa mitundu iwiri pamodzi wamwa muyeso wowirikiza. Aspirin asapatsidwe kwa mwana wosafika zaka 16 pokhapokha dotolo atalamula, chifukwa kwa ana a chimfine kapena katsabola akhoza kudzetsa nthenda yoopsa ya chiwindi ndi ubongo. Makapisozi ogulitsidwa pa mphasa mumsika, padzuwa, ndi munthu wopanda chilolezo, asiyeni pomwepo.

ANA A MATENDA OKHALITSA

Alipo ana ena amene ayenera kumwa mankhwala miyezi yambiri, kapena moyo wao wonse. Ana otere akhoza kuphunzira ndi kukhoza mayeso monga anzao, malinga ngati makolo ndi aphunzitsi agwirizana.

Khunyu. Nthenda imeneyi ichokera m'ubongo. Siipatsirana mwa kukhudza wodwala, kapena malovu ake, kapena kudyera naye mbale imodzi. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate aletsa kugwa, koma ayenera kumwedwa tsiku ndi tsiku. Kuleka mwadzidzidzi kubweretsa kugwa koopsa koposa kale. Pitani mukatenge ena akale asanathe. Muuzeni mphunzitsi, chifukwa ena a mankhwalawa apatsa tulo, ndipo mwana angadzudzulidwe ngati waulesi pamene sali wolakwa. Mwana akagwa, mchotseni pafupi ndi moto, madzi ndi mabenchi, muike chofewa kunsi kwa mutu, ndipo kugwedezeka kukaleka mgonekeni cham'mbali. Musaike supuni, mtengo kapena chala m'kamwa mwake, ndipo musammwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwino. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Mphumu. Mwana wa mphumu amene anapatsidwa kampope kopumira ka salbutamol ayenera kukhala nako pafupi nthawi zonse. Awa ndiwo mankhwala amene sayenera kutsekeredwa mu ofesi, pakuti kubanika sikudikira kuti wosunga kiyi abwere. Mwana wamkulu asunge yekha. Wamng'ono amsungire mphunzitsi wa kalasi lake. Pemphaninso kuti mwana wotere asapatsidwe nchito yosesa pa fumbi kapena yosonkha moto pa utsi.

Shuga. Mwana wobaya insulin sayenera kukhala ndi njala nthawi yaitali. Akayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kapena kulankhula zosokonekera, ndiye kuti shuga watsika m'thupi. Ngati atha kumeza, apatsidwe msanga madzi a shuga kapena siwiti, kenaka chakudya. Mphunzitsi adziwe zimenezi, ndipo amlole kudya ndi kupita kuchimbudzi pa nthawi imene afuna.

HIV ndi chifuwa chachikulu. Chiyambire 2004 Boma lipereka mankhwala a ARV kwaulere, ndipo ana ambiri amene anabadwa ndi kachirombo akula, naphunzira, nakhala anthu odalirika. Ana ambiri a msinkhu wa sukulu amwa mankhwalawa kamodzi pa tsiku, chotero amwera kunyumba. Simukakamizidwa kuuza sukulu yonse, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 liletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo. Koma mwana akasankhidwa kupita ku sukulu yogonera komweko, nkwabwino kukambirana naye ndi kusankha munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi, kapena metironi kapena mphunzitsi, kuti amthandize kusunga mankhwala ndi kumpatsa chilolezo pa tsiku lokatenga ena. Ana ena aleka kumwa chifukwa choopa kuti anzao amva kulira kwa mibulu m'botolo, ndipo kudumphitsa masiku kupatsa kachirombo mpata wozolowera mankhwala. Mankhwala a chifuwa chachikulu nawonso amwedwa miyezi ingapo, kawiri kawiri 6, ndipo aleka pokhapokha a chipatala atanena.

MANKHWALA AMENE BOMA LIPEREKA PA SUKULU

Nthawi ndi nthawi alangizi a za umoyo afika pa sukulu kudzapereka mankhwala kwa ana onse pamodzi. Odziwika kwambiri ndiwo praziquantel wa likodzo ndi albendazole wa njoka za m'mimba. Likodzo lichuluka m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa, m'chigwa cha Shire, ndi pali ponse pamene pali madambo ndi madzi odikha okhala ndi nkhono. Mwana akhoza kukhala nalo osaona magazi m'mikodzo, ndipo likakhalitsa liononga chikhodzodzo ndi impso, lichepetsa magazi, ndipo mwana afooka m'kalasi. Nchifukwa chake onse alandira, odwala ndi ooneka bwino omwe.

Alangizi ayeza msinkhu wa mwana pa ndodo yoyezera kuti adziwe chiwerengero cha mibulu. Nchito yanu makolo ndi yakuti mwana adye chakudya chokhuta m'mawa wa tsiku limenelo, phala, mbatata, chinangwa kapena nsima yotsala. Praziquantel akagwera m'mimba yopanda kanthu apatsa chizungulire, nseru ndi kupotokola kwa m'mimba. Zimenezi zitha patapita maola ochepa. Zikapitirira, kaonaneni ndi a chipatala. Ngati mwana alikudwala tsiku limenelo, kapena ali wa khunyu, uzani mlangizi asanapereke mankhwala.

Ulipo ndi katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene Malawi anayamba kupereka m'dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9. Pa zinthu zotere pabuka mphekesera zambiri, monga zakuti mankhwala atseketsa kubala. Zimenezo nzabodza. Muli ndi funso, pitani pa msonkhano wa makolo mukafunse mlangizi maso ndi maso, m'malo mobisa mwana kumunda pa tsiku la mankhwala.

TSONO ZA NSABWE ZA M'MUTU

Nsabwe ya m'mutu ndi kachirombo ka miyendo 6, kakukula ngati njere ya chitowe. Iribe mapiko, ndipo siitha kuuluka kapena kudumpha, ingokwawa. Ikhala pa mutu wa munthu basi, niyamwa magazi kangapo pa tsiku. Siichokera kwa galu, mbuzi kapena nkhuku. Utitiri wa m'khola la nkhuku ndi chinthu china. Siibadwa kuchokera ku litsiro kapena thukuta, monga ena aganiza. Nsabwe iri yonse ichokera m'dzira, ndipo ifika pa mutu wa mwana kuchokera pa mutu wa munthu wina. Njira yaikulu ndiyo kugundana kwa mitu posewera, powerenga buku limodzi, pogona mphasa imodzi, kapena polukana tsitsi. Nthawi zina iyenda ndi chipeso, duku, chipewa kapena pilo.

Chotero kupezeka ndi nsabwe si umboni wakuti amai a mwanayo ndi auve iai. Nsabwe siisankha mwana wa mfumu kapena wa mlimi, ndipo ipezeka m'sukulu za m'maiko onse, ku Ulaya ndi ku Amereka komwe. Kusamba ndi sopo nkwabwino, koma sopo yekha sachotsa nsabwe, chifukwa igwira tsitsi zolimba ndi zikhadabo zake.

Kuti tiigonjetse tiyenera kudziwa masiku ake. Nsabwe yaikazi iikira mazira angapo tsiku liri lonse, niwamata pa tsitsi pafupi ndi khungu ndi ulimbo wosasungunuka m'madzi. Dzira liswa patapita masiku 7 kufikira 10. Kansabwe kakang'ono kakula masiku ena 9 kufikira 12, kenaka nako kayamba kuikira. Nsabwe yaikulu ikhala ndi moyo masiku ngati 30 pa mutu, koma ikagwa pansi ifa lisanathe tsiku lachiwiri, chifukwa chosowa magazi. Taonani tsono chifukwa chake nsabwe zibwerera: munthu apha zazikulu lero nayesa kuti watha, koma mazira atsala, ndipo mlungu wamawa aswa.

Nsabwe za m'mutu sizifalitsa matenda. Choipa chake ndi kuyabwa. Mwana akanda usiku wonse, sagona, ndipo m'mawa awodzera m'kalasi. Pokanda ndi zala zakuda abutsa zironda zimene zichita mafinya, ndipo anabere atupa m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Zikafika apo, pitani naye kuchipatala. Ziripo nsabwe za mtundu wina zimene zikhala m'misoko ya zobvala; zimenezo ndizo zitha kufalitsa matenda, ndipo mankhwala ake ndiwo kuchapa zobvala ndi madzi otentha ndi kuzisita.

KAFUFUZIDWE KAKE

Musadikire kuti mwana ayambe kukanda, pakuti amene wagwidwa koyamba akhoza kukhala milungu 4 kufikira 6 asanamve kuyabwa. Kamodzi pa mlungu, Loweruka kapena Lamulungu, khazikani mwana panja powala, mugawe tsitsi pang'ono pang'ono, muyang'ane makamaka kuseri kwa makutu ndi kunkhongo. Mazira aoneka ngati timadontho tomamatira pa tsitsi. Musawasokoneze ndi mfundu: mfundu igwa mukaikutumula, koma dzira la nsabwe silichoka pokhapokha mutalikoka ndi zikhadabo. Tsitsi likula ngati sentimita 1 pa mwezi, chotero mazira oyera amene ali kutali ndi khungu kuposa apo kawiri kawiri ali makoko chabe. Umboni weniweni ndiwo kuona nsabwe yamoyo ikuyenda.

Musasokonezenso nsabwe ndi chipere. Chipere chithothola tsitsi mozungulira ngati ndalama, pamalopo nipatuwa. Mankhwala a nsabwe sachiza chipere, ndipo chipere cha m'mutu chifuna mankhwala akumwa a kuchipatala kwa milungu ingapo.

NJIRA ZABWINO ZOCHOTSERA NSABWE

Njira yoyamba ndiyo kumeta. Tsitsi likachoka lonse, nsabwe ndi mazira ake zisowa pokhala. Tsitsi lometalo litenthedwe kapena likwiriridwe. Koma chenjerani ndi lumo: mwana ali yense akhale ndi lezala lakelake latsopano, pakuti lezala limodzi loyenda pa mitu yambiri likhoza kupatsira HIV ndi nthenda ya chiwindi ya hepatitis B. Ngati mupita kwa wometa wa makina, onani kuti watsuka makina ake ndi spiriti. Kumeta ndi chosankha cha makolo ndi mwana, osati chilango choperekedwa pamaso pa anzake. Kumbukiraninso kuti mu May 2023 Bwalo Lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rasta asakanizidwe malo m'sukulu za Boma chifukwa cha tsitsi lao. Kwa iwo, ndi kwa ena onse osafuna kumeta, ziripo njira zina.

Njira yachiwiri ndiyo kupesa. Masulani tsitsi ngati liri loluka, mulitsuke, ndipo likali lonyowa mulidzoze mafuta odzola m'tsitsi kapena mafuta ophikira pang'ono, kuti lifewe ndi kuti nsabwe zilephere kuthamanga. Yambani ndi chipeso chachikulu, kenaka mutenge chipeso cha mano othithikana. Pesani kagawo kamodzi kamodzi kuchokera pa khungu penipeni kufikira kunsonga, ndi kupukutira chipeso pa nsalu yoyera ulendo uli wonse. Mazira amene muwaona akokeni ndi zala. Chitani zimenezi pa tsiku 1, tsiku 5, tsiku 9 ndi tsiku 13, ndipo pa tsiku 17 muyang'anenso. Chifukwa chake ndi ichi: mukapesa masiku 4 ali onse mugwira tinsabwe tongoswa kumene tisanakule kufika poikira, ndipo mbeu yake itha. Njira imeneyi ifuna kudekha, koma siifuna ndalama zambiri ndipo iribe choopsa.

Njira yachitatu ndiyo mankhwala opaka opangidwira nsabwe za anthu, monga permethrin wa 1 peresenti, amene apezeka m'masitolo obvomerezeka a mankhwala. Apakidwa pa tsitsi lotsuka, nakhala mphindi 10, kenaka atsukidwa. Asalowe m'maso kapena m'kamwa. Popeza sapha mazira onse, apakidwanso patapita masiku 7 kufikira 10. Musapake pa mutu wa zironda, kapena pa khanda, musanafunse a chipatala. M'maiko ambiri nsabwe zinayamba kuzolowera mankhwala amenewa; chotero mukapaka kawiri nsabwe zamoyo zikalipobe, musaonjeze muyeso, koma bwererani kukafunsa, kapena tsatani njira ya kupesa.

Tsiku limene muyamba, yang'anani mitu ya onse a m'nyumba, ndipo onse opezeka nazo athandizidwe tsiku lomwelo. Maduku, zipewa, mapilo ndi zofunda zimene zinagwira nchito masiku 2 apitawo zichapidwe ndi madzi otentha oti dzanja silingapirire, ziyanikidwe padzuwa, ndipo ngati simbi iripo zisitidwe. Zipeso zibviikidwe m'madzi otentha mphindi 10. Chinthu chosachapika chimangidwe m'thumba la pulasitiki milungu 2. Mphasa iyanikidwe padzuwa. Kupopera mankhwala m'nyumba chifukwa cha nsabwe za m'mutu nkutaya ndalama chabe.

ZIMENE SIMUYENERA KUCHITA KONSE

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo tipempha kuti mumvetse. Musathire m'mutu mwa mwana parafini, petulo kapena dizilo. Mafuta amenewa aotcha khungu, ndipo mwana akayandikira koloboyi, mbaula kapena moto wa pa mafuwa, mutu wonse uyaka nthawi yomweyo. Musathire mankhwala a thonje, a fodya, a mbozi za m'chimanga, a anankafumbwe, dibi wa ng'ombe, kapena mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu. Mankhwala amenewa ali poizoni, ndipo alowa m'thupi kudzera pa khungu, makamaka khungu lokandakanda la mwana. Kumanga duku kapena pulasitiki pamwamba pake ndiko kukankhira poizoniyo m'kati.

Ngati tsoka lotere lachitika, mbvuleni mwana zobvala, mumsambitse mutu ndi thupi lonse ndi sopo ndi madzi ambiri, mutadziteteza manja anu, ndipo mupite naye kuchipatala msanga mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti dotolo aone. Zizindikiro za poizoni ndizo kuchucha dobvu, thukuta lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera ndi kubanika. Musataye nthawi ndi kummwetsa mkaka kapena kumsanzitsa.

KODI MWANA ALEKE SUKULU?

Iai. Nsabwe si chifukwa chojombera. Mwana akapezeka nazo pa sukulu, amalize maphunziro a tsikulo, athandizidwe madzulo kunyumba, ndipo m'mawa abwerere m'kalasi. Nsabwezo zakhala kale m'mutu mwake milungu ingapo zisanaoneke, ndipo kumsunga kunyumba kungomtayitsa maphunziro. Chimene chithawitsa ana ambiri, makamaka atsikana osinkhuka, ndi manyazi. Tipempha aphunzitsi kuti asatchule dzina la mwana pa mzere, koma aitane kholo pambali. Ndipo inu makolo, mukapeza nsabwe pa mwana wanu, musabise. Uzani mphunzitsi, kuti iye auze makolo onse a kalasilo kuti ayang'ane ana ao, popanda kunena kuti zayambira kwa yani.

Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Banja limodzi likachotsa nsabwe pamene mabanja ena angokhala, mwezi usanathe zabwerera. Chotero tipempha mafumu ndi anyakwawa, a komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi amai a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, kuti apangane mlungu umodzi pa chiyambi cha teremu iri yonse woti mudzi wonse uyang'ane mitu ya ana. Pa msonkhano womwewo itanani mlangizi wa za umoyo wa dera lanu, kuti makolo a ana omwa mankhwala akambe naye pambali ndi kulembetsa zofunika kwa mphunzitsi wamkulu.

Inu amene mwawerenga mau awa, musapinde pepalali ndi kuliika m'denga. Muwawerengere anzanu amene satha kuwerenga, pa bwalo, pa chitsime ndi potuluka m'mapemphero, ndipo Loweruka likudzali muyambe ndi mitu ya ana a m'nyumba mwanu.